Ndolo Yanga Inali Nambala 12

Mbedza ya fly, ija yowedzera nsomba yovekedwa nthenga, ikangotuluka m'kabokosi, ntchito yoyamba ndi kutenga pulayala n'kuphwanya kamunga kake, kaja kamene kamaloza kumbuyo kuti mbedza ikalowa isatulukenso. Ndi ntchito ya masekondi 3. Zimenezi ndimazidziwa, ndipo ndimauzanso ena mokweza mawu. Koma m'mawa umenewo ndinati ndikaphwanya ndikafika pamadzi, ndipo nditafika pamadzi nsomba ina inadumpha chapatali kuti khuvu, nzeru zonse n'kutsikira kumapazi.

Nsomba yake ndi rainbow trout, ija yamawangamawanga akuda yokhala ndi mzere wofiirira m'nthiti ngati utawaleza. Kwawo kwenikweni ndi mitsinje ya ku North America ndi ku Kamchatka yothira m'nyanja ya Pacific, koma anthu anaifalitsa m'nyanja zozizira za m'mayiko ambiri. Imadya bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 10 ndi 16. Akapitirira 20 imafooka n'kutsikira pansi pozizira. Tsikulo ndinaviika kachoyezera changa, kanati 13. Choncho musandimvere chisoni, nyengo inalibe mlandu.

Kwa amene sanawedzepo mwa njira imeneyi, kusiyana kwake n'kwakuti nyambo ilibe kulemera. Ndi mbedza yovekedwa nthenga ndi ulusi kuti ifanane ndi kachilombo. Cholemera ndi chingwe, ndiye chimene mumaponya, nyambo imangotsatira pambuyo ngati mwana wa mlendo. Ndodo yanga inali ya mafiti 9, ya weight 6, nambala ya kulemera kwa chingwe chimene imaponya, ndipo chingwe chinali intermediate, chomira pang'onopang'ono, pafupifupi masentimita 4 pa sekondi. Kunsonga kwa chingwe chokhuthalacho mumalumikiza leader, kachingwe koonekera mkati kamene kamanka kawonda, ndipo kumapeto kwenikweni kuli tippet, chidutswa chowonda chimene mumamangapo mbedza. Yanga inali ya kuwonda kwa 3X, ya pulasitiki wotchedwa fluorocarbon, yoti siduka mpaka chinthu chikoke ndi mphamvu yoposa makilogalamu 3 ndi theka. Nambala imeneyi muisunge, ibweranso.

Ndinalibe bwato. Ndinali ndi chubu choyandamira, chija chokhala ngati mpando wopopa, miyendo ili m'madzi, mutavala buluku la mphira lofika pachifuwa ndi zopalasira kumapazi zonga za bakha. Malamulo ake ndi awiri. Ukavala mapazi a bakha umalowa m'madzi chafutambuyo, apo ayi nsonga zake zimakodwa m'matope. Ine ndinalowa chakutsogolo, n'kugwada m'madzi osafuna kupemphera. Lachiwiri, chubu chopopera kumtunda chikakhudza madzi ozizira mpweya umafota, ndiye umayenera kuchiviika kaye mphindi zingapo n'kuwonjezera mpweya. Sindinawonjezere. Ndinakhala chomira, madzi akundinyambita m'chiuno, khutu lili masentimita 60 okha pamwamba pa nyanja.

Ndinapalasa mpaka pamene zomera za m'madzi zimathera ndipo pansi pamayamba kutsetsereka. Trout ya m'nyanja imakonda kuyenda m'mbali mwa malo otere, chifukwa chakudya chili m'zomeramo ndipo kothawira kuli pafupi. Chapatali pang'ono panali bwato, m'menemo muli bambo wina wachikulire wa chipewa chakutha, wakhala phee ngati akudikira basi. Tinapatsana moni wa dzanja.

Kuponya koyamba kunamveka kuti thwa! kumbuyo kwanga, ngati chikwapu. Phokoso limenelo limasangalatsa osadziwa. Tanthauzo lake n'lakuti mwabweza ndodo kutsogolo chingwe chisanawongoke kumbuyo, ndipo nyambo yathothoka, yapita. Ndodo imayenera kuima kaye ikafika pang'ono kuseri kwa khutu, n'kudikira mpaka mumve chingwe chikuikoka, kenako ipite kutsogolo. Ine ndinakoka chingwe chopanda kanthu kwa mphindi 10, ndikuchigwedeza mwaluso, ndisanaone kuti kunsonga kulibe mbedza.

Ndinamanga ina. Nsomba inagunda, ndinadzutsa ndodo, chingwe chinabwera chopepuka. Kunsonga kwa tippet kunali kopotana ngati mchira wa nkhumba. Chizindikiro chimenecho sichinama: chingwe sichinaduke, mfundo ndiyo inamasuka. Mfundo ya clinch imafuna kuzunguliza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kubweza nsonga pa kabowo ka pafupi ndi diso la mbedza, kuilowetsanso pa chibowo chachikulu chimene chapangika, kunyowetsa ndi malovu, n'kukoka pang'onopang'ono mpaka ikhale nga. Ukakoka youma, kutentha kwa kukhulana kumafooketsa chingwe. Ine ndinazunguliza katatu, youma, maso ali pamadzi.

Kuchokera apo panadutsa maola awiri a zii. Njira yoyenera ndi kuwerenga. Mukaponya, mumawerenga mpaka 10 musanayambe kukoka, kenako 20, kenako 30, mpaka mupeze pamene nsomba zili. Pa chingwe changa, kufika 30 ndiye kuti chamira mita imodzi ndi masentimita 20. Kukoka kwake n'kosonkhanitsa chingwe m'dzanja ndi zala, pang'onopang'ono, mpaka iwe mwini utope nazo. Tizilombo ta m'nyanja sitithamanga. Kamphutsi ka midge, kachilombo kaja konga udzudzu koma kosaluma, kamakwera kuchoka m'matope ngati kakuganizira kaye ngati kumwambako kuli phindu. Ine ndinkawerenga mpaka 6, n'kuyamba kukoka ngati ndikutunga madzi pachitsime nyumba ikupsa. Bambo aja anali atagwira ziwiri m'mawa, kenako nawonso kunawatsekera, zimene zinanditonthoza mtima kwambiri.

Cha m'ma 11 koloko ndinati basi, tsopano ndichite zinthu mwa dongosolo. Ndinadula leader yakale, imene inali ndi timfundo tiwiri tobwera chifukwa choponya mokankha. Kamfundo kamodzi kotere kangathe kudya theka la mphamvu ya chingwe. Ndinamanga yatsopano ya mamita 4, ya mbedza ziwiri. Kumapeto ndinaika Woolly Bugger yakuda, nambala 8, ya kamutu ka tungsten kolemera ndi mchira wa nthenga zofewa za marabou, yofanana ndi msundu. Mita imodzi ndi theka pamwamba pake ndinasiya kanthambi ka masentimita 15, n'kumangapo buzzer nambala 12, kambedza kowonda kotsanzira kamphutsi ka midge kaja. Pa mbedza, nambala ikakula mbedza imachepa. Mfundo zonse ndinazunguliza kasanu ndi kamodzi, ndinanyowetsa, ndinakoka, ndinayesa. M'moyo wanga sindinamangepo mfundo zabwino ngati zimenezo. Pulayala inali m'thumba lakumbuyo kwa chubu, kotembenukira kovuta, ndiye timinga ndinatisiya.

Pamene ndinkamanga, mphepo inatembenuka. Inayamba kuchokera kudzanja lamanja, dzanja limene ndimaponyera. Aliyense woponya fly amadziwa kuti imeneyo ndi mphepo yoipa kuposa zonse, chifukwa imakankhira chingwe ndi mbedza pathupi pako. Mankhwala ake alipo: kutembenuza chubu kuti mphepo ichokere kumanzere, kapena kupendeketsa ndodo kuti chingwe chizidutsa pamwamba pa phewa linalo. Kutembenuza chubu ndi kupalasa kawiri ndi phazi limodzi. Ine ndinati ndiponye kamodzi kokha.

Woolly Bugger inadutsa pamphuno kuti fyuu, n'kugwera m'madzi pambali pa bondo. Buzzer sinadutse. Ndinamva ngati mavu andipeza kunsi kwa khutu lamanja, pamalo penipeni povala ndolo. Nditagwirapo, mbedza yalowa mpaka kamunga kabisika. Magalasi ndinali nditavala, chipewanso, ndipo zimenezi ndizo zinapulumutsa diso, koma khutu lilibe chipewa chake.

Ndinaika ndodo pamiyendo n'kukhala duu. Kwa nthawi yoyamba tsiku lonse, sindinagwedeze kanthu. Ndinkapuma pang'onopang'ono, ndikuganiza mmene ndifikire pulayala popanda bambo aja kuona. Ndipo pansi panga, pafupifupi mita imodzi, Woolly Bugger inali lende, mchira wa marabou ukupuma wokha ndi kugavira kwa mafunde. Odziwa amachita dala zimenezi pamapeto pa kukoka kulikonse: amaimitsa nyambo masekondi 10 asanaitulutse, chifukwa trout imakonda kutsatira nyambo mtunda wautali n'kuigwira ikaima. Iwo amachita ndi ndodo.

Mutu wanga unapita kumanja kuti gwede! Tsaya linamenya madzi. Mawu amene anatuluka pakamwa panga sindingawalembe, komanso sindikudziwa kuti amalembedwa bwanji. Dzanja lamanzere linalawira kugwira leader m'munsi mwa kanthambi kaja, koma fluorocarbon yonyowa m'zala zonyowa imangopsereza, imadutsa mpaka ikakokenso pamene yamangidwa. Ndinapemphera kuti mfundo imasuke ngati yam'mawa ija. Inakana. Makilogalamu 3 ndi theka aja analembedwa pa chokulungira cha tippet; pa khutu sanalembepo kanthu.

Apa m'pamene ndinapanga cholakwa chachinayi kapena chachisanu, ndinasiya kuwerenga. Ndinayamba kupalasa ndi mantha. Chubu choyandamira chimayenda chambuyo chokha. Kupalasa kulikonse kunkandichotsa pamene pali nsomba, chingwe n'kumakungika kwambiri. Nsomba inatulukira m'mwamba, thupi lonse panja, mzere wofiirira uli ng'ani ng'ani padzuwa, pafupi moti madzi ake anandithira m'maso. Rainbow ikadumpha, lamulo limati tsitsani ndodo kuti chingwe chilefuke. Ine ndinatsitsa mutu. Inadumpha katatu, ndinaigwadira katatu.

"Achimwene, ndodo m'mwamba!" anakuwa bambo aja.

"Siili kundodo, bambo! Ili kukhutu!"

Anakhala kaye chete. "Ndiye khutu m'mwamba!"

Chowengera chingwe chinali pachifuwa pomwepa, cholendewera pa kachingwe kake. Kudula kamodzi kukanatha nkhani yonse. Ndinachigwira ndithu, koma ndinayang'ananso nsombayo, yaikulu kuposa iliyonse imene ndinagwirapo panyanja imeneyo, ndipo dzanja linabwerera lokha. Ndinapinda chigongono kuti chizigwira ntchito ya ndodo, chikamakokedwa chiziwongoka, khosi likuthandizira, chubu chikuzungulira ngati nguli. Kaukonde kanga kanali kumsana, dzanja lachitatu ndinalibe.

Bwato linafika mwakachetechete. Bambowo sanandiyang'ane n'komwe. Anamiza kaukonde ka mphira, kaja kosakanda mamba, n'kudikira nsomba itembenukire mutu kwa iwo, anaikokolola kamodzi. Ananyowetsa manja asanaigwire, poti manja ouma amachotsa chinterera choiteteza ku matenda. Anaisiya m'madzi momwemo, n'kuyamba kulimbana ndi mbedza, ine mutu uli chopendekera m'mphepete mwa bwato lawo chifukwa tinali tikadali pa chingwe chimodzi.

"Simunaphwanye kamunga," anatero.

"Ndaona, bambo."

"Nsombayi mwaivutitsa nako."

Anaiyeza pa zizindikiro za pachogwirira cha kaukonde, masentimita 44. Anaigwira mofatsa pamimba ndi kumchira, chiimire m'madzi, mpaka makha ake anayamba kupuma mwamphamvu ndipo inadzichotsa yokha m'manja, psiti. Magazi anga nthawi yonseyi akudontha paphewa. Ndinatsokomola kuti andikumbukire.

"Khutu lingadikire," anatero. "Iyo ikakhala kunja theka la mphindi yayamba kale kuvutika."

Mbedza yopanda kamunga imatuluka mmene inalowera, osamva n'komwe. Ya kamunga ikabisika pa mnofu wopyapyala ngati wa khutu, kuikokera m'mbuyo kumang'amba. Anadula kanthambi kaja, anapukuta khutu ndi mankhwala ophera tizilombo a m'kabokosi kawo ka chithandizo choyamba, anandiuza kuti ndiyang'ane mapiri. Anakankha mbedza kuti ipitirire mpaka nsonga itulukire kuseri, anadula kamunga ndi pulayala yodulira waya, n'kubweza chotsalacho. Mapiri sindinawaone. Anati ikanakhala pafupi ndi diso, kapena pa chichereŵechereŵe cha kumtunda kwa khutu, sakanaigwira, akanaimata kuti isagwedezeke n'kunditumiza kuchipatala ili momwemo. Anatinso ndikapitebe madzulo akaone bala ndi za katemera wa kafumbata.

Ndinayamba kuthokoza, mawu ambirimbiri. Anandidula.

"Yagwira iti? Yakuda ija?"

"Yomweyo."

"Mumakoka bwanji?"

"Sindimakoka, bambo. Ndinangokhala."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva zimene amayembekezera. Kenako anati ndikhale mowongoka mmene ndinakhalira poyamba. Ndinaganiza kuti akufuna kuona ngati magazi aleka. Anatenga ndodo yawo, anaimika chogwirira pamadzi pambali pa phewa langa, n'kuika chala pamene panafika khutu. Anayezanso chidutswa cha leader chimene chinatsala, kuchokera pa kanthambi mpaka pa Woolly Bugger, milomo ikuwerengetsa.

"Mita imodzi," anatero. "Zakwera. Ine ndakhalira kuzisaka pa mamita 3 chichokere m'mawa."

Anasuntha kachoyandama ka pa leader yawo, anaponya mamita ochepa chabe kuchokera pabwato, n'kukhalanso phee. Ine ndinayamba ulendo wobwerera kumtunda, chambuyo monga chubu chimafunira, dzanja lili pakhutu, nkhope italoza kwa iwo njira yonse. Ndisanafike pa zomera zija, ndodo yawo inali itapindika kawiri.