Za dzina la Mafuwa limene mwandipatsali

Popeza nkhani yafika kale pa siteji ya zobanduka ku Kapata kuno ku Chipata, ndipo ena mwayamba kundiitana Mafuwa ngakhale pamaso pa makasitomala, lekani ndiinene ndekha musanaithire mchere wina. Inde, ndinanena kuti ndili nawo atatu. Ndinanena nditamwa, koma kuwerengako ndinawerenga ndisanamwe.

Ndinali kubafa, madzi ofunda bwino, nthawi imene khungu la kumusiko limamasuka ndipo zonse zimagwirika. Dzanja linapeza kachinthu kozungulira kumanzere, chakumbuyo, pamwamba pa chende. Ndinawerenga kuyambira kumanja: atatu. Kuyambira kumanzere: atatu. Ndinasintha dzanja, mwina lakumanja latopa ndi handulo. Atatu basi. Madzi anazizira m'beseni ine ndili chiimire, ndikuchita masamu amene ndinathawa kusukulu.

Usiku ndinafunsa foni. Inandiuza kuti zilipodi, azungu amati polyorchidism, ndipo m'mabuku a madokotala dziko lonse lapansi munalembedwa anthu pafupifupi 200 okha. Inawonjezera kuti lowonjezeralo kawirikawiri limakhala kumanzere. Langa kumanzere! Abale, anthu 200 pansi pano ponse, mmodzi wa iwo n'kukhala ku Mchini, akupalasa njinga. Inu mukanasunga chinsinsi chotere? Ine ndinauza munthu mmodzi yekha. Kungoti munthuyo anali pakati pa anthu ena khumi, ndipo wailesi ya m'bala inali itazima.

Amake mwana sanasangalale nawo ulemererowu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Atate ake mwana, zaka zonsezi ine ndidziwa awiri. Linalo mwalitenga kuti?" Kenako anakumbutsa zimene anamva kukiliniki, zoti chotupa cholimba chosapweteka pa chende chikhoza kukhala khansa, ndipo imakonda amuna a zaka 15 mpaka 35 kapena kupitirirapo pang'ono, osati madala. Apa ulemerero unachepa. M'mawa mwake anandiperekeza kuchipatala ngati mwana wopita kukabayitsa katemera.

Dokotala anali Mbemba. Ndinangomva kalankhulidwe kake ndi kudziwa kuti lero chimbuya, kusekana kwathu kwa Angoni ndi Abemba, chindithera pano. Anafunsa mwaulemu ndithu: "Abambo, pali ophunzira, mungalole kuti aonereko?" Ndinalola ndi mtima wonse. Munthu wolowa m'mabuku sakana mboni.

Analowa. Sindinawawerenge, ndinali nditatopa ndi kuwerenga, koma chipinda chinadzaza mpaka wina anaima pa sikelo. Ine chagada pa bedi, thalauzi m'akakolo, malaya m'khwapa, masokosi obooka chala chachikulu chili panja. Mwezi wa Juni, mphepo ya ku Kanjala ikulowera pawindo. Ndiye dokotala anafinya mafuta aja a sikani. Amwene, mafuta amenewo amawasunga kuti? Atangokhudza khungu, banja lonse linathawira kumtunda. Ine ndinabwera kudzaonetsa atatu, dokotala akufunafuna ngakhale limodzi. M'malo mondiphimba, iye anatembenukira kwa ophunzira ndi kuyamba phunziro: machende amafuna kutentha kochepera kwa thupi ndi madigiri 2 kapena 3, n'chifukwa chake ali panja, ndipo pali mnofu umene umawakokera m'mwamba kukazizira, kukatentha n'kuwamasula. Onse analemba. Wina anapempha kuti abwereze. Anabwereza. Wina anawerama pafupi mpaka ndinamva mpweya wa m'mphuno mwake. Ine maso kudenga, ndikuwerenga mabowo a siling'i, ndikupempha makolo anga a Chingoni amene anawoloka Zambezi mu 1835 kuti ayang'ane kumbali pang'ono.

Mkati mwa chetecheteyo ndinamva mawu aulemu: "Mwauka bwanji ankolo?"

Anali mtsikana amene ndimamunyamula m'mawa uliwonse. Ndimadziwa kuti amaphunzira za chipatala, koma sindinaganizepo kuti buku lake tsiku lina ndidzakhala ine. Kodi munthu amayankha bwanji moni ali choncho? Ndinati, "Ndauka bwino mama, kaya inu." Ndipo manja anga, osandifunsa, anaomba m'manja.

Zinthu zitatsika, dokotala anazimitsa getsi n'kuunika ndi tochi kuseri kwa chotupacho. Chinawala. Anati chotupa cha madzi chimalola kuwala kudutsa, cholimba sichilola. Sikani nayo inavomereza: kathumba ka madzi pa kamtsempha kopindapinda kamene kali kumbuyo kwa chende, mmene mbewu ya abambo imakhwimira. Akuti kamtsemphako mukakatambasula kamafika mamita 6. Si phudzi, chifukwa phudzi madzi amazungulira chende lonse. Si khansa. Ndipo chimene chinandiwawa koposa, si chachilendo. Amuna ambiri ali nato timatumba totere, ena amakalamba osadziwa.

"Ni madzi chabe, mbuya," anatero. "Kapena mbewa ina munameza yamoyo, yasochera njira."

Ndinafuna kumuyankha za anyani a kwawo, koma munthu wagwira katundu wako m'manja sukangana naye. Anati kakapanda kukula kapena kupweteka tikasiye. Chothamangira nacho kuchipatala, usiku kapena usana, ndi ululu woopsa wadzidzidzi, chifukwa chende likapotoka magazi amatsekeka, ndipo pakadutsa maola 6 likhoza kufa.

Tsono sekani, koma ndani mwa inu anadziwerengapo chaka chino? Ena mukukhala pa sadulo tsiku lonse osadziwa kuti mwakhalira angati.

Mtsikana uja masiku ano amakwera njinga ya mnzanga. Timangopatsana moni wa patali. Ndalama ya m'mawa ija inapita choncho, ndipo tayala lakumbuyo likufuna chubu.