Tambala uja ali moyo mpaka lero

Tiyambe ndi kukonza mabodza amene mukufalitsa pa WhatsApp. Ine ku Lizulu sindinathamangitsidwe. Ndinachoka ndekha ndi miyendo yangayi, kungoti mofulumirirapo pang'ono, ndipo nsapato ija inatsala m'ngalande ya dimba la kabichi, palibe anaigwira. Amene mukuti wailesi inaphulika ndinunso abodza. Ikanaphulika bwenzi lero ndili ndi ulemu wanga. Chinandipweteka ine n'choti inagwira ntchito.

Amene munafikako kwathu ku Dedza mukuidziwa kabati ija imene amayi a kunyumba anaipatsa dzina loti "kumanda". Muli mawailesi asanu ndi awiri, ina mwa iyo ya Nzeru imene agogo ankamverera MBC atayimika mlongoti wa waya pa mtengo wa pichesi. Muli Nokia 3310 ziwiri zoti mutha kuswera mtedza, peni ya chiboo pakati ya nthawi ya chitaganya, 20 tambala ija ya njovu, ndi simbi ya makala yokhala ndi katambala pa chivundikiro. Koma mfumu ya zonsezi ndi wailesi ya kaseti imene malume anga anabwera nayo kuchokera ku Joni atapita pa Theba. Masipika awiri, chogwirira chonyezimira, ndipo imadya mabatire akuluakulu sikisi ngati mwana wa sukulu pa mbatata. Batani loyimbitsira linatopa, ndiye ndimalipanikiza ndi kamtengo ka machesi. Lozimitsira linathothoka ndisanakwatire. Mfundo imeneyi muisunge.

Mwana wa mlongo wanga atapeza mbeta ku Lizulu, unkhoswe unagwera ine. Usiku woti mawa n'chinkhoswe ndinati ndimve mmene mawu anga azikamvekera pagulu, poti kuyankhula pamaso pa Angoni a kwa Gomani si nkhani yongodzukira. Kaseti yopanda kanthu ndinalibe, ndiye ndinatenga ya nyimbo zakale za pa ukwati, C90, n'kutseka kabowo ka pamwamba kaja ndi kapepala kuti ilole kujambula. Achinyamata simungazidziwe izi, inu mumangogogoda galasi. Zoyankhula zanga zinatenga mphindi zinayi. Mbali imodzi ya C90 imatenga mphindi 45. Ndinadzuka n'kupita kukadya. Masamu ake muwerengere nokha.

Mmawa amayi a kunyumba anandiletsa. "Abambo, chiwailesichi chisiyeni, kumeneko kuli DJ." Ndinawayankha kuti DJ ndi munthu, ndipo munthu amalephera. Ndinakwera minibasi pa M1, tambala wa chinkhoswe kukhwapa kuno, wailesi kukhwapa uko, kondakitala n'kundilipiritsa mipando iwiri.

Ndipo DJ analepheradi! Apa pokha mundivomereze. Itangokwana nthawi ya perekaniperekani, jenereta inatsokomola kawiri, zii. Mafuta atha. Azimayi aima pakati pa bwalo ndalama zili m'manja, lichero lili pansi, nyimbo palibe. Ine mtima unachita kuti myaa. Zaka zonsezi akundiseka ndi zakumanda zanga, tsiku langa linali litafika. Ndinanyamuka mwaulemu, kukonza jekete, kuika wailesi pa tebulo la akuluakulu. Kaseti ndinaibweza ndi cholembera, kuipukusa m'mwamba kuti ana aone luso. Zilembo za A ndi B zinafufutika kalekale, koma ndinali ndi chikhulupiriro. Ndinakanikiza batani, kulowetsa kamtengo ka machesi, voliyumu mpaka kumapeto.

Tsono mabatire aja ndinali nditawayanika padzuwa masiku atatu kuti abwerere mphamvu. Koma dzuwa la ku Dedza mwezi wa June mukulidziwa, limangobwera kudzalembetsa dzina n'kubwerera kuseri kwa phiri. Kaseti inayamba kuzungulira ngati ngolo yokwera chitunda cha Golomoti. Kunatuluka liwu lalikulu, lokoka, lochokera pansi pa chitsime: "Ziii-kooo-mooo aaa-kuuu-chiii-kaaa-ziii..." Anthu anayang'anana. Gogo wina anavula chipewa poganiza kuti ndi pemphero. Palibe anadziwa kuti ndi ine, ndipo ndikanakhala wanzeru ndikanangokhala pansi n'kudabwa nawo limodzi.

M'malo mwake ndinati ndizule kamtengo kaja. Kanathyokera m'kati. Ndinapotokola voliyumu, chopotokolera chinatsalira m'manja mwanga. Ndinatembenuza wailesi kuti ndichotse mabatire, n'kukumbukira kuti chitseko chake ndinachimanga ndekha ndi mphira wa chubu cha njinga, mfundo zisanu, zija zomangira thumba la makala. Ndipo mukaigwedeza wailesi imeneyi mabatire amagundana bwino, liwiro limabwerera. Ndiye ndendende pamene ndinkalimbana ndi mfundo yachiwiri, mawu anayera ngati madzi a pa kasupe. Anamveka amayi a kunyumba, mbale zikulira kumbuyo: "Abambo, tambala mukupita nayeyu akuodzeratu. Si chitopa chimenechi?"

Ndiyeno ine, mawu anga enieni, okhuta, a munthu amene ali m'nyumba mwake: "Musiyeni, akafere kwawo konko. Ife bola tikabwereko ndi msoti wamoyo."

Abale, bwalo lonse linatembenukira kwa tambala. Tambalayo, amene tinali titangomupereka kumene ndi manja awiri, anali m'manja mwa nkhoswe ya kuchikazi, maso ali tsinzinu, mutu uli zyoli. Sindinaonepo nkhuku yochitira umboni munthu ngati imene ija. Ikanangokupiza phiko limodzi lokha ndikanapulumuka. Ayi ndithu, inasankha nthawi yomweyo kuti iyasamule.

Kaseti siinatope. Inapitiriza kunena kuti asewere anga mutu wawo uli ngati kachewere wa ku Bembeke, wosakumbidwa bwino. Asewerewo, bambo aulemu wawo, anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kudzisisita pa dazi, ngati akufuna atsimikize. Kenako mabatire anafookanso, ndipo kwa nthawi yaitali kunkangomveka ine ndikutafuna. Mukudziwa mmene kutafuna kumamvekera kukakokedwa pa masipika awiri a ku Joni? Ngati ng'ombe ikuyenda m'dambo. Anthu mazana awiri, ena atachokera tsidya la msewu ku Mozambique, anaima chilili kumvetsera ine ndikumeza. Kenako kunabwera phokoso lina limene sindilemba pano. Ndingoti ndiwo za usiku umenewo zinali nyemba. Pa liwiro lake lenileni chinali chinthu chachifupi, choti munthu wakhalidwe akhoza kunamizira mpando. Pa mabatire a ku Dedza chinayamba pansipansi, chinakwera, chinapuma, n'kuyambiranso. Galu wa pamudzipo anauwa. Mwana wina anafunsa mayi ake ngati jenereta yayaka.

Mlongo wanga anangofunda chitenje kumutu. Mwana wa mlongo wanga uja, mwini chinkhoswe, anabwera pafupi n'kunong'ona, "Malume, ingoinyamulani muzipita nayo." Ndinainyamuladi, koma wailesi yoti ikuyankhulabe ukathamanga nayo umangofalitsa uthenga kumene sunafike. Ndinaisiya pansi pa mtengo ikunena za ngongole yanga ya feteleza, ine n'kudutsa kudimba.

Tsono tiyeni tinene chilungamo. Ndani mwa inu sananenepo kanthu za asewere ake ali m'nyumba mwake, chitseko chotseka? Kusiyana kwa ine ndi inu n'koti ine ndili ndi zipangizo. Komanso amene anayambitsa nkhani ya chitopa si ine, mwamva nokha. Ndipo DJ wobwera ndi mafuta a theka la lita pa chinkhoswe cha anthu mazana awiri, bwanji iyeyo simukumutchula m'magulu mwanumo?

Chinkhoswe chinatha bwino, akuti anaimba ndi m'manja. Mlandu tinakamba sabata yotsatira, ndinalipa nkhuku ziwiri, zoyang'ana bwinobwino, ndipo asewere anaziyendetsa kaye pabwalo asanazilandire. Tambala woyamba uja sanali wodwala ayi, kunali kuzizira chabe. Ali moyo mpaka lero, wanenepa, ndipo ndamva kuti anamupatsa dzina langa.

Wailesi ikadali konko. Akuti ndikaitenge ndekha, koma kaseti anakana kubweza, amaiyika alendo akabwera. Ngati alipo wopita ku msika wa Lizulu sabata ino, andifunsireko nsapato. Ndi ya kumanzere, yakuda, sayizi 8.