Mbiri ya moyo wanga, gawo 11: Tsiku limene mawu a agogo anafufutidwa

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinapeza ntchito pakashopu ka fotokope, cha kumsewu wopita ku Chirunga. Zaka zotsatirazo ndizidumpha poti munalibe chachilendo: kutsegula m'mawa, kuthira inki, kudikira magetsi akazima, kutseka madzulo. Ndifike chaka cha 2018.

Makasitomala athu ambiri anali ophunzira a pa Chanco, koleji ya Yunivesite ya Malawi kuno ku Zomba. Ikakwana nyengo ya maasayimenti ankadzaza pakhonde, wina ndi fulashi, wina ndi foni, aliyense akufuna zake zituluke msanga. Ine pepala lililonse lotuluka m'makina ndinkayamba ndaliponyera diso ndisanalimenye sitepula. Sukulu ndinalekezera Fomu 2 fizi itasowa, monga ndinafotokozera m'gawo 4, choncho mapepala a eni akewo ndiwo anali kalasi yanga. Pa ambiri mwa iwo ndinkaona dzina limodzi lomweli, Wikipedia, ndipo mumtima ndinkati imeneyi ndi kampani ya mabuku ya kunja yolemba ntchito maprofesa.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera mtsikana wophunzira za chilengedwe. Pepala lake litatuluka ndinaona pamwamba palembedwa Lake Chilwa. Ndinaima nalo chilili, osalipereka.

"Achimwene, mukuwerenga chiyani? Ndachedwatu ine."

"Pepani achemwali. Kumeneku ndi kwathu. Ndinabadwira ku Kachulu."

Anandiyang'ana kaye, kenaka anati, "Ndiye inuyo mukudziwa zambiri kuposa zili apazi. Bwanji osawonjezerapo?"

Ndinayesa akungocheza. Koma anatulutsa foni, natsegula tsamba lomwelo, nandilozera kachizindikiro ka pensulo pakona. "Mukadina apa mumatha kulemba. Aliyense ndi wololedwa. Salipira munthu, komanso salipiritsa."

Usiku umenewo sindinagone tulo. Ndinagula bandulo ya usiku n'kuyamba kufufuza za chinthu chimenechi. Ndinapeza kuti chinayamba pa 15 Januwale 2001 ku America, oyambitsa ake ndi Jimmy Wales ndi Larry Sanger. Bungwe losamalira makompyuta ake, Wikimedia Foundation, silichita malonda ndipo siliika zotsatsa pamasamba. Limayendera zopereka za owerenga. Olemba nkhanizo ndi anthu wamba ongodzipereka, wina namwino, wina wopuma pantchito, wina mwana wasukulu, ndipo ambiri sanaonanepo maso. Ndinakumbukira mabuku akuluakulu a insaikulopediya amene anali kusekondale kwathu, otsekeredwa m'kabati yagalasi, ife n'kumangowerenga zilembo zagolide za pamsana pake. Ngakhale insaikulopediya yotchuka ya Britannica, imene mpambo wake womaliza unali wa mabuku 32, inalengeza mu 2012 kuti yaleka kusindikiza papepala. Tsopano zonga zomwe zinali m'kabati muja zinali m'dzanja langa, ine nditagona pamphasa ku Chikanda. Zinandikumbutsa dima, mudzi wonse kusonkhana kulima munda umodzi. Koma padima pamakhala thobwa ndi nsima. Awa amalima popanda ngakhale chikho cha madzi, ndipo mpaka lero ndimawapatsa ulemu.

Kuti mumvetse chimene ndinafuna kulemba, ndikubwezeni ku 1995, ndili ndi zaka 11.

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe imathira m'menemo, koma potuluka palibe, madzi amangomwedwa ndi dzuwa. Ndi yosaya, ndiye mvula ikavuta zaka ziwiri zitatu zotsatizana imayamba kubwerera m'mbuyo. Chaka chimenecho inabwerera mpaka kutheratu. Poyamba tinkayenda pang'ono kuchoka padoko kuti tipeze madzi, kenaka mtunda wa ola lathunthu, kenaka kunangoti mbee, fumbi lokhalokha. Mabwato anatsala ali gone pamatope ouma. Nthaka inang'ambika ming'alu yoti phazi langa linkalowa mpaka m'kakolo. Zimbowera, tinyumba ta asodzi timene timayandama pa njedza, zinakhala pansi n'kuyamba kugwa. Anthu ankapita ku chilumba cha Chisi wapansi, ena panjinga atanyamula matumba. Bambo anga, amene moyo wawo wonse unali matemba ndi makumba, anapinda khoka, nalikoleka kudenga, n'kupita kukasaka maganyu m'tauni.

M'mudzi monse munali nkhawa, kupatula agogo aakazi, mayi awo a mayi anga. Madzulo ena tikukazinga chimanga anandiuza kuti, "Usalire, mdzukulu wanga. Inapitanso chonchi ndili ndi pakati pa malume ako wamng'onoyu, ndipo inabwera. Nsomba sizinathe. Zabisala m'maiwe a Likangala ndi Domasi. Zimenezo ndiye mbewu, n'chifukwa chake mafumu amaletsa kuponyamo khoka kapena kuthiramo katupe." Mvula itabwera bwino nyanja inadzazadi, ndipo patapita nthawi matemba anayambanso kuyanikidwa pa Kachulu. Agogowo anatisiya mu 2009.

Mu 2018 nyanja inali ikuphwanso. Ndiye ndinadina kapensulo kaja n'kulemba, m'Chingerezi changa cha Fomu 2, ndime zitatu: za ming'alu, za ulendo wapansi wa ku Chisi, za maiwe osunga mbewu ya nsomba. Pomaliza ndinalemba kuti izi anandiuza ndi agogo anga. Nditaona mawu anga ali patsamba limene dziko lonse limawerenga, manja ananjenjemera. Ndinadzutsa mayi a kunyumba kuti aone.

Kutacha ndinatsegulanso. Panalibe kanthu.

Tsamba lililonse la Wikipedia lili ndi mbiri yake, pamene pamaoneka aliyense amene wasinthapo, ola lake, ndi chifukwa chake. Pamenepo ndinapeza kuti wina, wodziwika ndi dzina longopeka, anachotsa zonse patangotha maola ochepa. Anasiya mzere umodzi wonena kuti palibe buku kapena nyuzipepala yochitira umboni, ndipo zimene munthu wangodzionera yekha siziloledwa. Zinandiwawa ngati andichotsa pamaliro a kwathu. Munthu woti mwina sanapondepo matope a Chilwa, kufufuta mawu a mayi amene anabadwira, kukwatiwira ndi kuikidwa m'mphepete mwa nyanjayo! Sabata yathunthu sindinatsegulenso.

Mtsikana uja atabweranso ndinamudandaulira. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anandifunsa funso limodzi: "Achimwene, nanga wina atalemba kuti agogo ake anamuuza kuti nyanjayi sinaphwepo, owerenga adziwa bwanji woona pakati pa inu awiri?" Ndinasowa poyankha. Pakhomo lotsegukira aliyense pamalowa wanzeru ndi wabodza yemwe, ndipo chowasiyanitsa ndi umboni umene wina aliyense angathe kukaufufuza payekha. Patatha masiku atatu anandibweretsera buku lochokera kulaibulale, lolembedwa ndi akatswiri amene anafufuza nyanjayi kwa zaka zambiri pansi pa Yunivesite ya Malawi, losindikizidwa mu 1979 ku Netherlands. Ndinaliwerenga pang'onopang'ono, dikishonale ili pambali. Kuphwa kumene ankanena agogo kunalimo, chaka chake 1968, chaka chomwe anabadwa amalume. Za nsomba zothawira m'mitsinje zinalimonso. Ndinalembanso mwachidule, n'kutchula bukulo ndi tsamba lake, ndipo ulendo uno palibe anachotsa.

Lamulo lija ndinaligonjera, ndipo lero ndimaliteteza. Koma chilonda chake sichinapole, ndipo sindikufuna kunamizira kuti chinapola. Agogo ananena zoona mu 1995 pamoto wa chimanga, koma anakhulupiriridwa pokhapokha buku la Chingerezi losindikizidwa kutsidya kwa nyanja litawavomereza. Mabuku amatiuza kuti David Livingstone anafika pa nyanjayi mu 1859, n'kuilemba kuti Shirwa. Asodzi amene anawapeza pamenepo, amene ankadziwa kale mphepo zake ndi nyengo zake, nzeru zawo zinatsala pakamwa. Chimene sichinalembedwe Wikipedia sichiona, ndipo zathu zambiri sizinalembedwe.

M'pamene ndinadziwanso kuti kuli Wikipedia ya Chichewa. Nditaitsegula ndinachita manyazi. Ya Chingerezi ili ndi nkhani zoposa 7 miliyoni, ya Chiswahili inadutsa 70,000, koma yathuyi ili ngati chikho cha madzi pambali pa nyanja, chonsecho olankhula chinenerochi tilipo oposa 10 miliyoni m'Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo chinakhala chinenero cha fuko kuyambira 1968. Chondipweteka kwambiri n'choti ndimakhala mu Zomba, mzinda wa mapepala. Kuno kunali likulu la dziko mpaka 1975. Kuno kuli National Archives, kumene amasunga mabuku osindikizidwa m'dziko muno, ndipo nditapitako anandilandira bwino. Kuno kuli Centre for Language Studies, imene inatulutsa mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Nkhokwe zilipo, zodzaza. Koma mwana wa ku Kachulu, mtunda wa makilomita pafupifupi 30, alibe ya thiransipoti yobwerera kuno kudzawerenga. Chimene ali nacho pafupi ndi foni ya mlongo wake.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikulemba m'Chichewa, pang'onopang'ono, shopu ikakhala zii. Nthawi zina ndime imodzi imanditengera madzulo onse, chifukwa ndimakana kungomata mawu a Chingerezi pamene Chichewa chili ndi ake.

Tsopano kwabwera china chimene chikundisowetsa mtendere. Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3, ndipo iye Wikipedia satsegula n'komwe. Amangofunsa mapulogalamu oyankha okha aja, amene anafala kuchokera pamene ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022, yankho n'kubwera losalala, lopanda dzina la wolemba, lopanda kapensulo pakona. Mapulogalamu amenewa anaphunzira kuchokera ku zolemba za anthu, ndipo Wikipedia ndi imodzi mwa nkhokwe zimene anatapamo. Mu 2025 a Wikimedia Foundation ananena kuti anthu otsegula masamba awo achepa ndi pafupifupi 8 peresenti poyerekeza ndi miyezi yomweyo chaka cham'mbuyo. Ine ndinayamba kulemba chifukwa ndinaona tsamba ndi maso, ndinaona choperewera, ndipo wina anandilozera pokonzera. Mwana wongolandira yankho lophikaphika adzadziwa bwanji kuti kuseri kwake kuli anthu olima, ndi kuti nayenso akhoza kugwira khasu? Olima akatha, makinawo adzatapa kuti?

Ndikuopanso Chichewa chonamizira. Mu 2020 zinadziwika kuti gawo lalikulu la Wikipedia ya chinenero cha Scots linalembedwa ndi mnyamata wa ku America amene chinenerocho sankachidziwa, ndipo panapita zaka eni ake asanazindikire. Lero munthu akhoza kutembenuza nkhani zambirimbiri ndi makina tsiku limodzi, mawu ooneka ngati athu koma opanda mchere, n'kuziunjika pamenepo. Eni chinenero tikakhala chete, zimenezo ndizo zidzatchedwe Chichewa.

Nkhawa imeneyi ndiyo inandikweza minibasi mwezi wathawu, kudzera ku Matawale mpaka ku Kachulu, kukaona amalume aja anabadwa chaka chophwa nyanja. Wikipedia ili ndi nkhokwe inzake yotchedwa Wikimedia Commons, yosunga zithunzi ndi mawu ojambulidwa, ndipo ndinkafuna kujambula iwowo akutchula zida za usodzi ndi mayina ake. Ndinawapeza pansi pa mtengo akusoka ukonde, chingwe china chili pakamwa. Ndinawafotokozera zonse osabisa, kuphatikizapo lamulo lake loti chimene waika pamenepo aliyense akhoza kuchitenga, ngakhale kuchigulitsa, bola atchule mwini wake ndipo nayenso alole ena kutenga.

Anasiya kusoka. "Iwe mphwanga, ndiye ine ndilankhule ulele, wina akadyerepo ku Ulaya?"

"Zikhoza kutheka, amalume. Sindingakunamizeni."

"Nanga iweyo amakupatsa zingati?"

"Sandipatsa kanthu."

Anakhala chete nthawi yaitali, maso ali kunyanja. Kenaka anati, "Mayi anga sanandilipiritse pondiphunzitsa za maiwe. Yatsa foni yakoyo. Za mono, za khoka, za mphepo, za kumanga chimbowera, ndikuuza zonse, ana adzamve. Koma za nsembe za ku Chisi usandifunse. Zimenezo zili ndi eni ake, ndipo si za pafoni."

Ndinavomera, ndipo sindinafunse. Tinajambula mpaka batire inatha, iwo akunyamula chida chimodzichimodzi, kuchitchula dzina kawiri, n'kuonetsa kagwiridwe kake. Pamene ankafotokoza kalukidwe ka mono, adzukulu awo awiri anasiya mpira n'kudzakhala pansi pafupi ndi miyendo yawo.

Pobwerera minibasi inatifera pa Govala, ndipo kumeneko ndinakumana ndi munthu amene ndinasiyana naye zaka 20 zapitazo. Za iyeyo ndidzakuuzani m'gawo 12.