Nyali ya Van Gogh pa chinsalu changa

Anzanga, ino ndi sabata yachitatu ndikuphunzira kujambula ndi penti ya mafuta. Ndikutengera chithunzi chimene Vincent van Gogh, katswiri wojambula wa ku Netherlands, anajambula m'mudzi wa Nuenen m'dzikolo mu 1885: anthu asanu a banja la alimi akudya mbatata ya kachewere, nyali imodzi italendewera pamwamba pa tebulo.

Ndinayamba ndi penti yofiirira, yosungunula ndi turpentine (mankhwala amadzimadzi osungunulira penti), kuti mdima ukhazikike kaye. Chandigwira mtima ndi manja a alimiwo, okhakhala ndi ntchito yakumunda. Kuwala kwachikasu kukungogwera pa zala ndi m'masaya, kwina konse kuli bii. Ukathamangira kupaka chikasu penti yapansi isanaume, zonse zimasanduka matope, ndiye ndinadikira masiku anayi. Lero ndayamba dzanja la mayi amene akuthira khofi pa chithunzicho.