Tsiku limene ndinaondetsa mkwatibwi wa eni ake

Patebulo la m'shopu yanga yopulinta pamakhala mamonita awiri olumikizidwa ku kompyuta imodzi. Ya mainchesi 24 imayang'ana ine, ndipo imayendera chingwe cha HDMI. Ya mainchesi 22 imayang'ana kasitomala kuti aziona zimene ndikumupangira, ndipo imayendera chingwe cha VGA chija cha mutu wabuluu, chomangitsa ndi tizitsulo tiwiri topotokola ndi zala. Mamonita onsewa resolution yake, kapena kuti kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi m'mbali ndi chokwera, ndi 1920 x 1080, ndipo zaka zinayi sanandivutitsepo.

Thandizo lanthawi zonse la Windows 10 litatha pa 14 Okutobala 2025, mphwanga anandikakamira kuti tisamukire ku Windows 11. Anabwera ndi fulashi Lachinayi madzulo. Ine poopa kuti bandulo ya mwezi ithera pomwepo, ndinamuuza kuti asayerekeze kuyatsa intaneti mpaka ntchito ithe. Itatha, ndinalowanso pa Wi-Fi ya foni yanga n'kuyatsa Metered connection, kuti kompyuta isamadawunilode kanthu osandipempha. Ndinatseka shopu ndikudziona wochenjera kwambiri.

Lachisanu m'mawa ndinapeza zonse zatupa. Recycle Bin inali ngati ndowa yotungira madzi, zilembo zinali zamphwamphwa, ndipo mamonita onse awiri ankaonetsa chinthu chimodzimodzi. Ndinangoti mwina ndiyo fashoni ya Windows 11, anatiganizira ife amene maso ayamba kufooka.

Cha m'ma 8 koloko analowa mayi wina wachikulire, azakhali a mkwatibwi. Ankafuna makadi a ukwati 150 oti akagawidwe kutchalitchi Lamlungu. Chithunzi ananditumizira pa WhatsApp, ine n'kuchitsegula, iwo atakhala pampando moyang'ana monita yawo ija.

"Iii! Ameneyu ndi ndani?"

"Ndi mwana wanu, amayi."

"Mwana wa mchimwene wanga satupa chonchi. Mwamupopa ngati tayala la njinga? Nanga mkamwiniyo mutu wangati dzunguwo wautenga kuti?"

Apa m'pamene ndinayenera kuima n'kuganiza. M'malo mwake ndinawauza motsimikiza kuti makamera a mafoni a masiku ano amanenepetsa anthu. Ndinachotsa kaloko kamene kamagwirizanitsa mulitali ndi mulifupi wa chithunzi, n'kuyamba kuchipanikiza m'mbali pang'onopang'ono. Titafika pa 75 peresenti azakhali anati, "Basi pomwepo mwananga, ameneyo ndiye ndikumudziwa." Ndinaseva pamwamba pa fayilo yomwe ija, n'kuika mapepala olimba 20 a A4, makadi awiri papepala, kuti tione kaye 40 oyamba.

Pulinta sinama. Imatulutsa zimene zili m'fayilo, osati zimene monita ikukuonetsa. Mkwatibwi anatuluka ngati munsi woimikidwa pakhoma, mkwati ngati nsungwi yovala suti, ndipo mphete ziwiri za pakona zinali mazira oimirira. Azakhali anayang'ana kadi, anayang'ana monita, anayang'ana ine.

"Poyamba munamutupitsa. Tsopano mwamudwalitsa. Akuchimuna akaona ichi sanena kuti sitimudyetsa?"

Ndinangoti zyoli. Kenako ndinachita chinthu chimene ndikanachita m'mawa muja: ndinajambula chozungulira nditapanikiza Shift, kuti chikhale chozungulira chenicheni. Pa sikirini chinaoneka ngati dzira logona. Ndinagunditsa chitsekerero cha botolo pagalasi kuti nditsimikize, ndipo sizinagwirizane n'komwe. Mu Settings, System, Display, pa Display resolution panalembedwa 1024 x 768, ndipo kabokosiko kanali kotuwa, kosadinika.

Masamu ake ndi apafupi. Resolution ya 1024 x 768 ndi ya maonekedwe a 4:3, pamene mamonita anga ndi a 16:9. Monita ikalandira chithunzi chochepa imachikoka kuti chidzaze galasi lonse. Cham'mbali imakoka 1024 kufika 1920, kumene ndi kuchulukitsa ndi 1.875. Chokwera imakoka 768 kufika 1080, kuchulukitsa ndi 1.4 basi. Ndiye chilichonse chimafufuma m'mbali ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ine pochepetsa mpaka 75 peresenti ndinali nditachiza matenda a monita pathupi la mwana wa eni ake.

Ndinawapempha azakhali ola limodzi. Anati sachoka, akufuna aone ndi maso awo.

Mwamantha ndinagwada kuseri kwa tebulo, kumdima, n'kuzula zingwe zonse ziwiri ndi kuzibwezeramo. Cha VGA chinakana kulowa, ine n'kuchikankha ndi mphamvu mpaka chinalowa. Musaiwale pamenepa. Ndinadinanso Windows, Ctrl, Shift ndi B nthawi imodzi, zimene zimadzutsanso driver wa zithunzi, kapulogalamu kothandiza Windows kutumiza zithunzi ku monita, popanda kuzimitsa kompyuta. Inalira kamodzi, sikirini inaphethira, koma dzira linali dzira.

Yankho linali mu Device Manager, imene mumaipeza mukadina Windows ndi X. Pansi pa Display adapters sipanali dzina la graphics ya kompyuta yanga, kachipangizo kamene kamapanga zithunzi za pa sikirini, panali Microsoft Basic Display Adapter. Ameneyu ndi driver wongogwirizira, woti munthu asakhale mumdima pamene driver weniweni palibe. Amaonetsa chithunzi, koma sayendetsa mamonita awiri aliyense payekha, ndipo nthawi zambiri resolution imakakamira pamunsi. Driver wanga wakale sanawoloke nawo ulendo wa usiku uja. Windows ikanatha kudzitengera watsopano, koma ndani anaitsekera intaneti? Ndipo pa Metered connection siidawuniloda madriver pokhapokha mutaloleza nokha mu Bluetooth & devices. Ndinali nditaimanga miyendo kenako n'kumaikalipira kuti sikuthamanga.

"Mukuti vuto ndi dalaivala?" anafunsa azakhali. "Ndiye muitaneni abwere. Ali kudepoti?"

Mu Device Manager momwemo, pa Properties ya Microsoft Basic Display Adapter uja, tsamba la Driver, pali batani la Roll Back Driver. Limathandiza ngati update yangosintha driver wabwino n'kuika wovuta, chifukwa wakaleyo amakhala atasungidwa. Kwa ine linali lotuwa, kunalibe kobwerera. Panalinso njira yothawa: mu Settings, System, Recovery muli Go back, imene imakubwezerani ku Windows yakale m'kati mwa masiku 10, bola musanafufute foda ya Windows.old. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Koma kubwerera kunali kungosunga vuto lomweli kuti lidzandipeze tsiku lina.

Ndinazimitsa Metered connection mtima ukuwawa, n'kulowa mu Windows Update, Advanced options, Optional updates, kumene madriver ena amakhala phee kudikira kuti muwasankhe. Mukapanda kumupeza kumeneko, mumakatenga pa webusaiti ya amene anapanga kompyutayo kapena graphics yakeyo. Ngati simukudziwa kuti muli ndi iti, poti dzina lake labisika, dinani Properties, Details, Hardware Ids. Mukaona VEN_8086 ndi Intel, VEN_10DE ndi NVIDIA, VEN_1002 ndi AMD. Musatenge driver pa mawebusaiti aja olonjeza kukonza zonse ndi batani limodzi, mudzalowetsa zina m'nyumba. Wanga anadya pafupifupi theka la gigabaiti, ndikuona bandulo imene ndinkaiteteza ikusungunuka ngati mafuta pamoto.

Sikirini inathima, inayaka, inathimanso. Nditayatsanso kompyuta dzina la graphics linabwera, kabokosi ka resolution kanayamba kudinika. Koma dzira lija linali pomwepo pa mamonita onse awiri.

Apa panali zinthu ziwiri zopiringizana. Choyamba, mamonita anali pa Duplicate. Mukadina Windows ndi P mumapeza zosankha zinayi: PC screen only, Duplicate, Extend ndi Second screen only. Pa Duplicate onse ayenera kuonetsa chithunzi chimodzi, ndiye kompyuta imasankha resolution imene onse awiri angaikwanitse, wofooka n'kukokera wamphamvu pansi. Nditasankha Extend, monita yanga ya HDMI inalumphira pa 1920 x 1080, pambali pake pali mawu akuti Recommended, ndipo dzira linasanduka mpira. Mausi yokha ndi imene inasochera. Ndikaikankhira kumanja inkagunda khoma, ndikaikankhira kumanzere n'kutulukira kwa azakhali. Pamenepo mumadina Identify, manambala 1 ndi 2 amaoneka pamagalasi, ndiye mumakoka timabokosi ta mu Display tija kuti tikhale mmene mamonita akhalira patebulo, n'kudina Apply.

Chachiwiri ndi chimene chinanditulutsa thukuta. Monita ya kasitomala inakana kudutsa 1024 x 768, ndipo 1920 x 1080 sinkapezeka n'komwe pamndandanda. Mu Device Manager, pansi pa Monitors, inalembedwa Generic Non-PnP Monitor. Kutanthauza kuti kompyuta sikuidziwa. Monita iliyonse ili ndi kachiphaso kake kotchedwa EDID, kamene kamauza kompyuta dzina lake, resolution yake yeniyeni ndi ma hertz amene imatha, kapena kuti kangati pa sekondi imajambulanso chithunzi. Kachiphasoka kakapanda kufika, kompyuta imasankha zochepa zoti zisavulaze munthu.

Ndinayesa kuikakamiza. Mu Advanced display, Display adapter properties, muli List All Modes, ndipo pa tsamba la Monitor ndinachotsa chizindikiro chobisa zimene monita singathe. Ndinasankha za pamwamba zedi, za ma hertz ochuluka. Galasi linangoti bii, pakati pali kabokosi koyandama kakuti Out of Range.

"Mwaipha," anatero azakhali, mosadabwa n'komwe.

Zikatere musakhudze chilichonse. Windows imadikira masekondi 15 kuti muvomereze, mukapanda kuyankha imabwerera yokha. Masekondi 15 amenewo ndinawawerenga onse, mmodzimmodzi, mayi aja akundiyang'ana ngati sing'anga amene mankhwala ake agwira wolakwika.

Chithunzi chitabwerera ndinazula chingwe cha VGA n'kupita nacho pakhomo pali dzuwa. Mutu wake uli ndi malo a timapini 15, m'mizere itatu ya tisanutisanu. Tina timanyamula mitundu: 1 kofiira, 2 kobiriwira, 3 kabuluu. Ka 13 ndi ka 14 timagwirizanitsa mizere ya chithunzi. EDID imadutsa pa 12 ndi 15, mumzere wa m'munsi. Mukaona kuti ka 9 kulibe musadandaule, zingwe zambiri zimabwera choncho. Koma changa ka 12 kanali katagona chammbali, kataphwanyidwa ndi munthu wina amene anagwada kumdima ola lapitalo n'kukankha ndi mphamvu. N'chifukwa chake chithunzi chinkabwera bwinobwino, mitundu yonse ilipo, koma monita itasowa pakamwa ponenera dzina lake.

Ndinayesa kukawongola ndi nsonga ya bolopeni yotha inki. Kanadzuka pang'ono, kenako kanathyoka n'kugwera m'fumbi. Mwamwayi m'katoni ya zinyalala munali chingwe china. Ndinazimitsa monita, ndinalumikiza mofatsa kunja kukuwala, ndinamanga tizitsulo tija, ndinayatsa. Dzina lake linabwera, 1920 x 1080 inaoneka pa 60 hertz. Kenako ndinadina batani la Auto pa monita penipenipo, chifukwa VGA ndi analogi, ndipo popanda kutero zilembo zimaoneka ngati zanyowa komanso chithunzi chimatha kutsetserekera mbali imodzi. Azakhali atadandaula kuti tsopano zilembo zachepa, sindinakhudzenso resolution. Ndinakweza Scale ya monita yawo yokha kufika 125 peresenti, imene imakulitsa zilembo popanda kupotoza nkhope ya munthu.

Panatsala mkwatibwi. Fayilo ija ndinali nditaiseva ili yopanikizidwa, ndipo pa monita yochira ankaonekadi ngati munsi. Ndinatenganso chithunzi choyambirira pa WhatsApp, ndinachiika loko ili chitsekere, osakhudza kanthu. Anatuluka mtsikana wooneka bwino, wa thupi lake, pambali pa mnyamata wa mutu wabwinobwino.

Azakhali anawerenga makadi 150 onse, kawiri. Analipira atachotsapo ya minibasi, ati chifukwa cha nthawi imene ndinawadyera. Atafika pakhomo anabwerera n'kutola makadi 40 oonda aja patebulo.

"Amenewo ndi otaya, amayi."

"Ndikudziwa. Ndikayatsira mbaula ndekha. Ndikawasiya pano, wina adzawaona n'kukauza akuchimuna."