Kuunika gemu ya chesi mpikisano ukatha

Mpikisano ukatha ndimayamba ndafunsa pepala lolembapo mamuvu, foni ikhale kaye m'thumba. Ana ambiri kuno ku Harare amathamangira kuika gemu pa Lichess, webusayiti ya chesi, kuti Stockfish, pulogalamu yakompyuta younika magemu, iwauze pomwe adaphonya. Zimandiwawa, chifukwa makinawo sadziwa chomwe munthu ankaganiza.

Mwana wa mlongo wanga wa ku Mufakose, dera la kuno ku Harare, adabwera ndi pepala lake litapindikapindika, gemu yatha msanga. Tidayala bolodi pakhonde n'kuyambira pa muvu yoyamba. Iye adali ndi zakuda, adasewera kayambidwe ka gemu kotchedwa French Defence: 1.e4 e6 2.d4 d5 3.e5 c5 4.c3 Nc6 5.Nf3 Qb6. (Polemba mamuvu, N ndi hatchi, B ndi bishopu, Q ndi kwini, x ndi kudya, + ndi cheki, kutanthauza kuopseza mfumu; chilembo chaching'ono ndi nambala, monga d4, ndi malo a pabolodi.) Mpaka apa palibe chodandaula. Poni ya c5, hatchi ndi kwini zonse zikulimbana ndi d4, ndipo kwiniyo ikuyang'ananso b2.

Mdani adasewera 6.Bd3, adadyerana pa d4, kenako mnyamata adatenga 7...Nxd4. Apa ndidaimitsa bolodi. Pa muvu iliyonse yokayikitsa ndimafunsa funso limodzi: unkaona chiyani?

"Amalume, ndidawerenga. Pa d4 ine zida ziwiri, iye chimodzi. Bishopu adatseka kwini yake."

Adawerenga bwino ndithu, koma sadafunse kuti bishopu wotsekayo akachoka apita kuti. Ndidamuuza asunthe yekha: 8.Nxd4 Qxd4 9.Bb5+. Bishopu wachoka ndi cheki, njira ya d yatseguka, kwini ya pa d4 yapita. Adakhala chete akusisita chibwano, kenako adabweza zonse n'kuyika yekha 7...Bd7. Muvu imeneyi imatseka njira ya chekiyo, ndipo tsopano kudya d4 kwakhala koopseza kwenikweni. Azoyera ambiri amangoipereka poniyo ndi 8.O-O, muvu yobisa mfumu pakona, kuti atsogole potulutsa zida. Imeneyi ndiyo Milner-Barry Gambit.

Titafika pamenepa ndi pomwe tidatsegula kompyuta, kungotsimikiza kuti sitidalumphe kanthu. Idavomereza zomwe tidapeza.

Chomaliza ndi kope. Sindilola kulemba mzere wautali wa mamuvu woti aloweze. Adalemba malo a zida pa muvu 7, pansi pake mawu akeake: ndisanadye, ndione macheki onse a mdani. Loweruka likudzali tikhalira 6.a3, muvu ina ya azoyera m'malo mwa 6.Bd3, chifukwa anzake akusukulu ayamba kuikonda, ndipo yankho la 6...c4 limafuna kuleza mtima komwe iye sadakuzolowere.