Mmene ndimakonzera filimu yaifupi ya chikondi cha atsikana awiri

Ndimayambira papepala, kamera ili m'chikwama. Tsamba limodzi la script, zolemba za zimene osewera adzalankhule ndi kuchita, limatenga pafupifupi mphindi imodzi likajambulidwa, choncho filimu ya mphindi 8 ndi masamba 8 basi. Osewera akuluakulu awiri, malo osapitirira atatu.

Pamene ndimachedwa kwambiri ndi pa vuto la m'nkhanimo. Mafilimu ambiri onena za anthu a LGBTQ, monga okondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, amathera m'misozi, wina wamwalira, wina wapirikitsidwa pakhomo. Ine ndimafuna kuti chowasowetsa tulo awiriwa chikhale chimene aliyense amene anagwapo m'chikondi akuchidziwa. Mtsikana walemba uthenga pafoni, wafufuta, walembanso, pamene woti aulandireyo wakhala patebulo lomwelo m'laibulale, akutafuna chivindikiro cha cholembera. Aliyense ndimamupatsanso chake chomudetsa nkhawa, kaya mayeso kaya ntchito, kuti akhale munthu wathunthu. Script ikatha ndimapempha anthu awiri kapena atatu a LGBTQ kuti aiwerenge, n'kuwafunsa kuti: ndi pati pamene munthu weniweni sangalankhule chonchi? Mizere imene aloza ndimaichotsa osalimbalimba.

Posankha osewera sindifunsa munthu kuti amakonda ndani, zimenezo n'zake. Ndimamuuziratu nkhani yonse, ngati muli kupsompsonana, ndiponso komwe filimuyo ikaonetsedwe: m'kalasi mokha, pa chionetsero cha mafilimu, kapena pa YouTube. Zonsezi zimalembedwa pa fomu imene amasainira. Osazitenga mopepuka, chifukwa m'mayiko ena malamulo amaletsa chikondi chotere, ndipo chimene chalowa pa intaneti sichibwezeka. Wofuna kuti dzina lake lenileni lisaoneke kumapeto kwa filimu, ndimamulembera lina.

Pogwirana kapena kupsompsonana timayeserera ngati gule: dzanja lifika apa, masekondi mwakuti, kenako mulekana. Osafunika onse amatuluka m'chipindamo, ndipo wosewera akati ayi, ngakhale anavomera dzulo, timasintha.

Patsiku ndimajambula masamba 3 kapena 4, nditalemberatu mndandanda wa ma shot, tizidutswa timene kamera idzajambule kamodzikamodzi. Awiriwa akamayang'anizana, ndimayerekeza mzere wodutsa pa onse awiri, kamera n'kukhala mbali imodzi ya mzerewo. Mukaudumpha, podzalumikiza ma shot, onse adzaoneka ngati akuyang'ana kumodzi, kuyang'anana kuja n'kutayika.

Chimene chimapha mafilimu a ophunzira kawirikawiri ndi mawu. Okondana amalankhula motsitsa, ndiye maikolofoni ya pakamera imangotola mphepo ndi kulira kwa firiji. Ndimaika maikolofoni pafupi ndi wosewera, firiji n'kuzimitsa, ndipo tisanachoke pamalo aliwonse ndimatola mawu a pamalopo kwa masekondi 30 onse ali chete, odzatsekera mipata polumikiza. Nyimbo ya eni ake sindiikamo popanda chilolezo, YouTube imaizindikira. Usiku womwewo zonse ndimazikopera pa ma hard drive awiri ndisanafufute memori khadi.